Kukafuna Wodzatukwana Maliro a Amayi

Ndinabadwira m'mwamba, m'nyumba yosanja ya boma, moti masitepe ndinayamba kuwadziwa ndisanadziwe dothi. Tauniyo sindiitchula, poti ndayenda m'matauni ambiri ndipo onse anasakanikirana m'mutu mwangamu. Nyumbayo inali yaitali, yotuwa, makonde ake odzaza mbaula ndi zovala zoyanika. Inali ndi masitepe mbali ziwiri. Ena ankatsikira kumpopi wa madzi, ena kudzala lotayako zinyalala. Okhala mbali ya mpopi tinkawatcha a Kumpopi. Ife tinali a Kudzala, ndipo dzinalo sitinkachita nalo manyazi.

Anthu a m'nyumbamo anachokera kosiyanasiyana, ena kumapiri, ena kuchigwa, aliyense atasiya manda a kwawo kutali. Ndiye anapangana zawozawo. Maliro akagwa Kudzala, adzukulu ankakhala a Kumpopi. Akagwa Kumpopi, adzukulu tinali ife. Adzukulu ndiwo ankasambitsa mtembo, kukumba manda, ndi kutsitsa bokosi pa zingwe kuchokera pakhonde, chifukwa pa masitepe bokosi silinkakhota. Koma ntchito yaikulu inali ya pakamwa. Mayi mmodzi wa mbali inayo ankavala chitenje cha malemu, n'kuyamba kuyenda ngati malemuyo, kuyankhula ngati malemuyo, kumutukwana ndi kuulula timakhalidwe take tonse, mpaka ofedwa aseke misozi ili m'masaya. Wachibale sankaloledwa kuchita zimenezi. Amayi ankati maliro opanda kuseka ndi a galu.

Chifukwa cha pangano limeneli, mbali ziwirizi zinkanyozana tsiku ndi tsiku, kuti pakamwa pasachite dzimbiri. Amayi anga, a Nangondo, ankagulitsa zitumbuwa pansi pa masitepe. Mnzawo wonyozana naye anali a Nyaluhanga a Kumpopi, mayi wamtali wosoka zovala pa makina.

"Nangondo, chitumbuwa chako chija ndagenda nacho galu, wafera pomwepo!"

"Bwanji sunadye wekha, mfiti iwe? Bwenzi nditapumula."

Dzuwa likamapendeka mumawapeza awiri omwewo atakhala pakhonde akulukana tsitsi.

Kenaka makoma anayamba kung'aluka. Mng'alu wa kuchipinda kwathu unkalowa dzanja, ndipo madzi a pansanja ya pamwamba ankadonthera m'mapoto mwathu. Kunabwera bambo wina wa ku ofesi ya nyumba, waulemu, wa nsapato zopukuta, n'kutisonkhanitsa pabwalo. Anati nyumba yakalamba, igwetsedwa, pamangidwa ina yatsopano, ndipo ife tisamutsidwa kwa kanthawi chabe. Anatinso palibe malo amodzi otikwanira tonse, ndiye timuuze kuti ndani akufuna kukakhala pafupi ndi ndani.

Amayi ndiwo anayamba kuimirira.

"Bwana, mukatitaye kulikonse, koma osati pamodzi ndi a Kumpopi. Afiti awo, amadya anthu!"

A Nyaluhanga nawo sanachedwe. "Ifenso a Kudzala sitikuwafuna! Tatopa nalo fungo!"

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Bamboyo sanaseke. Anagwedeza mutu mwachisoni, kumvera chifundo anthu amene akhala zaka zonsezi pa chidani. Anali munthu wabwino ndithu, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira ndimafuna kumugogoda ndi mthiko.

Malole atabwera, tinakwera tikunyozanabe, poganiza kuti tikatsikira kumodzi. Pa mphambano ina malole a Kumpopi anakhotera kumanzere, athu n'kupitirira. Amayi anaimirira pamwamba pa matilesi n'kukuwa kuti, "Mukafere komweko!" A Nyaluhanga anawakupizira nsalu, fumbi n'kuwaphimba.

Anatitsitsa pachigwa chopanda mtengo, pomwe panali tinyumba ta malata tofanana, m'mizeremizere. Oyandikana nafe anali ochokera ku nyumba zina zogwetsedwa, anthu abwino koma osatidziwa. Amayi anayesa kunyoza mayi wa khomo lotsatira kuti ndiwo zake zikununkha sopo, mayiyo anakalira m'nyumba, ndipo Amayi anakapepesa. Kuyambira pamenepo pakamwa pawo panatsekeka. Mvula itagwa kangapo, anafa ziwalo mbali imodzi n'kugona pamphasa.

Amayi a mpingo ankabwera kudzawapempherera, akuyankhula monong'ona ndi kuwasisita pamphumi. Tsiku lina atangotuluka, Amayi anandikoka chitenje ndi dzanja lomwe linali lamoyo.

"Awa akadzandiika adzanena kuti ndinali wofatsa. Ine? Pita ukanditengere Nyaluhanga."

"Amayi, ndikawapeza kuti? Palibe akudziwa komwe malole aja anakatsitsa."

"Uli ndi miyendo. Ine sindifa asanabwere."

Ndinasiya mng'ono wanga Felesiya akuwasamala, ndinamanga kampukutu ka zovala, n'kubwerera pa mphambano ija. Ndinakhotera kumanzere. Kuti ndinayenda zaka zingati sindikudziwa, poti kumene ndinkapita nyengo sizinkasiyana kwenikweni.

Tauni yoyamba inali ya njerwa. Nyumba yosanja ya kumeneko anali ataigwetsa kale, ndipo amayi ambiri ankakhala pa mulu wa makoma ogumuka kugogoda simenti yakale pa njerwa, kuti zikagulitsidwenso. Njala inandikhazika pakati pawo. Tsiku loyamba ndinaswa njerwa zambiri kuposa zomwe ndinakonza, mpaka mayi wina anandilanda kachitsulo.

"Inu asisi, mwakwiyira ndani? Musamenye njerwa. Menyani simenti, chambali, pang'onopang'ono."

Ndinaphunzira. Ndinaphunziranso kuti njerwa imanena kumene inali. Ya kukhitchini imakhala ndi mwaye, ya pabalaza penti wabuluu, ya pa masitepe imakhala yosalala mbali imodzi, pomwe anthu ankagwira pokwera. Madzulo ndinkazungulira misika kufunsa za mayi wamtali wosoka pa makina. Aliyense ankadziwa mayi wamtali wosoka pa makina, ndipo ndikapita ndinkapeza wina.

Pamsika wina panali malo ogulitsira zitseko zochotsedwa m'nyumba zogwetsedwa. Zinaimikidwa pamzere, manambala ake akadalipo, kumbuyo kwake kulibe chipinda. Kuseri kwa chitseko china kunatuluka nkhalamba, ndipo ndinaizindikira ndi mapewa. Anali a Chikakuda a Kumpopi, amene ankatsogolera kutsitsa mabokosi pa zingwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wa Nangondo! Ndiye ndimati fungoli likuchokera kuti."

"A Chikakuda, simunafebe? Kumanda anakukanani?"

Tinaseka mpaka ogula anatembenuka. Kenaka nkhalambayo inakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Ndinawauza za Amayi. Iwo anati a Kumpopi anawatsitsa malo osiyanasiyana, banja lino apa, lina uko, ndipo lole ya a Nyaluhanga inapitirira cha kumapiri.

"Tiyeni inuyo basi," ndinatero. "Ndinu a Kumpopi."

Anandionetsa manja awo, akunjenjemera okha. "Ine ndinali wa chingwe, mwanawe. Kunyumba zapansi bokosi limatuluka lokha pakhomo. Amayi ako akufuna pakamwa, ndipo pakamwa ndi Nyaluhanga."

Ndinalowera kumapiri. Tauni yachiwiri inali ndi nyumba yosanja ikadali chiimire, yotuwa ngati yathu, ming'alu yake ili malo omwewo. Nditaiona koyamba ndinakwera masitepe mosaganiza, n'kukagogoda pakhomo lathu, ndipo anatsegula munthu wachilendo atanyamula mwana. Anthu a m'nyumbamo anali atauzidwa kale kuti asamuka. Vuto lawo linali makabati ndi mabedi amene akalipentala anakhomera m'zipinda momwemo zaka zakale, osaganiza kuti tsiku lina adzafunika kutuluka. Pa masitepe sankakhota. Ndinalowa m'gulu la otsitsa katundu pakhonde, amuna okhaokha, amene anandilola chifukwa ndinawauza kuti ndinakula ndikuonerera a Chikakuda, ngakhale dzinalo sankalidziwa.

Kumeneko ndinaphunzira kumanga mfundo yosapulumuka, ndi kulekerera chingwe pang'onopang'ono osayang'ana pansi, kumangomvera mawu a wolandira. Zikhatho zanga zinasupuka, zinapola, zinasupukanso. Ndinatsitsa makabati, makina osokera, ngakhale agogo ena olumala atakhala pampando wawo, akutukwana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Makina osokera aliwonse ndinkafunsa mwini wake, ndipo palibe anali atamvapo za a Nyaluhanga.

Tsiku lina anthuwo anasonkhanitsidwa pabwalo. Kutsogolo kunaima bambo waulemu wa nsapato zopukuta, kaya anali yemwe uja, kaya mng'ono wake. Anafunsa funso lomwe lija. Ndinaona mayi wina wonenepa akudzuka, maso akuseka kale, akuloza anzake a mbali ina. Ndinaimirira ndisanaganize.

"Mayi, musaseke naye ameneyu! Samva nthabwala. Nenani zoona, nenani kuti mumawafuna!"

Anthu anatembenuka. Bambo wina anandifunsa kuti, "Inu mayi, mumakhala nambala chani muno?" Ndinalibe nambala, ndiye ndinakhala pansi. Mayi wonenepa uja ananena zake, bwalo linaseka, ndipo wa nsapato zopukuta anagwedeza mutu mwachisoni. Sabata imeneyo ndinatsitsa kabati ya mayiyo, ndipo sindinamuyankhule.

Nyumbayo itatsala mphako zokhazokha ndinabwerera kuchigwa kukaona Amayi. Ndinapeza Felesiya ali ndi mwana kumsana ndi wina woyenda, pomwe ndinamusiya asanakwatiwe. Anati Amayi anasiya kudya kalekale, amangonyambita madzi pa sipuni, ndipo a kuchipatala anatopa n'kudabwa. Pamphasa panali kamunthu kochepa, koma maso anali omwe aja.

"Wabwera naye?"

"Ayi, Amayi. Sindinawapezebe."

"Ndiye wadzatani kuno?"

Felesiya ananditsatira panja. "Achemwali, akuvutika. Msana wonse ndi zilonda. Bwanji osangowanamiza kuti a Nyaluhanga anamwalira, apumule?" Ndinamuuza kuti Amayi sananamizidwepo ndi munthu, ndipo sindiyamba ndine. Ndinachoka m'mawa mwake ndili ndi mkwiyo, osadziwa kuti ndakwiyira Felesiya, Amayi, kapena miyendo yanga.

Ulendo umenewo njira inandidutsitsa pa malo athu akale, ngakhale sindinafune. Panali nyumba yatsopano ya magalasi, yampanda, mlonda ali pachipata. Pomwe panali mpopi ndi pomwe panali dzala ponse panali simenti, magalimoto ataima. Ndinafunsa mlondayo kuti eni ake akale, amene anasamutsidwa kwa kanthawi, abwerera liti. Anandiyang'ana kumapazi n'kunena kuti zimenezo ndikafunse ku ofesi.

Za matauni ena sindikumbukira bwino. Kwina ndinkazula misomali m'matabwa a denga n'kumaiwongola pa mwala. Kwina ndinkaphikira ogwetsa nyumba, amene ankadya fumbi lili m'nsidze. Kwina ndinadwala, ndipo mayi wogulitsa makala anandisunga mpaka ndinadzuka. Konse kumene ndinkafika, anthu ankati, "A kunyumba yosanja ija? Analipo. Anawasamutsanso." Tsitsi langa linayamba imvi, ndipo ana m'njira anasiya kunditcha anti n'kuyamba kunditcha agogo.

Tsiku lina ndinatsika phiri n'kuona chigwa chopanda mtengo, tinyumba ta malata m'mizeremizere. Ndinaganiza kuti ndazungulira n'kufika kwathu, ndipo ndinakhala pamwala kufuna kulira. Koma pakhonde la kanyumba kena panali makina osokera, ophimbidwa ndi thumba, nkhuku itagona pamwamba. Ndinaodira. Anatuluka mayi wachitsikana amene anati dzina lake ndi Elube, mkazi wa mwana wa a Nyaluhanga. Mwamuna wake anali ku Joni. Apongozi ake anali m'katimo, ndipo Elube anati anasiya kudya kalekale koma sakupita.

Ndinalowa. Pamphasa panali munthu wamtali wouma, maso otseka. Ndinagwada pafupi. Mphuno yawo inagwedezeka.

"Elube, watayira zinyalala m'nyumba? Mukununkha Kudzala muno."

"Ndine mwana wa a Nangondo. Ndamva kuti mfiti ya kuno ikukana kufa."

Maso anatseguka. Anandigwira mkono ndi zala zolimba, osandisiya. Ndinawauza zonse, kuti Amayi agona pamphasa zaka ndi zaka akudikira iwo, kuti ndabwera kudzawatenga, kuti ngati n'kubereka ndiwabereka kumsana mpaka tikafike.

"Nangondo ndi wopusa chikhalire," anatero. "Akudikira ine, ine ndikudikira iye. Taona miyendoyi. Ndingafike pachitseko?"

Ndinaiyang'ana miyendoyo.

"Koma iweyo ndiwe wa Kudzala, si choncho?"

"Inde."

"Ndiye usachoke. Wabwera pa ntchito. Chitenje chobiriwira chili m'sutikesi. Ndipo usandinyengerere, ndidzakhala ndikumva."

Anapempha phala, anadya masipuni angapo, n'kudandaula kuti mulibe shuga. Tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu anapita, mwakachetechete, dzanja lawo lili m'langa. Ndinalira kwambiri, chifukwa cha iwo, komanso chifukwa ndinadziwa kuti kwathu ndibwerera ndekha.

Ndinawasambitsa ndi amayi awiri a pamalopo. Tsiku loika, anthu atadzaza pabwalo ndipo nyimbo itangotha, ndinatuluka m'nyumba nditavala chitenje chobiriwira. Ndinatalikitsa khosi, ndinaluma timitengo pakamwa ngati mapini, n'kuyamba kuyenda mapazi ali kunjakunja monga ankayendera iwo.

"Mfiti ija yafa lero! Amayi inu, bwerani mudzatenge tizidutswa ta nsalu zanu, tadzaza sutikesi! Mumati bulauzi yamawangamawanga ija anagula? Telala wanji wosoka dzanja lina lalitali, lina lalifupi, n'kumati wopindika ndi kasitomala? Kutchalitchi woyambitsa nyimbo ndi iyeyu, wosokoneza ndi iyeyu!"

Palibe anaseka. Amayi ena anagwira pakamwa. Elube anandiyang'ana mwamantha n'kuyamba kulira mokweza. Mkulu wa mpingo anadzuka n'kundigwira pamkono.

"Mayi, pano ndi pamaliro. Ngati mwamwa, kapumuleni."

"Sindinamalize, abambo."

"Ndi wamisala ameneyu," wina anatero kumbuyo.

Anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundisiya kumeneko. Koma mdzukulu sasiyira ntchito panjira. Ndinamalizira komweko, ndikuyang'ana khoma la malata, za ngongole ya mchere, za mkonono wawo womveka mpaka pansanja ya pansi, za tsiku limene anathamangitsa mwamuna wawo ndi sizasi mpaka kumpopi. Bokosi likunyamulidwa kutsogolo, ine ndinali ndikutukwanabe kuseri.

Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa. Phiri lomwe ndinatsika lija ndinalikwera, n'kutsikira mbali ina, ndipo chigwa chathu chinali pomwepo. Zaka zonsezi amayi awiriwa anagona phiri limodzi lili pakati pawo.

"Wabwera naye?"

"Ndawaika, Amayi."

Anayang'ana kudenga. Felesiya anatulutsa ana.

"Anamusambitsa ndani?"

"Ine."

"Unamutukwana?"

"Ndinawatukwana."

"Unati chiyani? Usadumphe."

Ndinaimirira m'kachipinda kaja, ndinatalikitsa khosi, n'kubwereza zonse. Pa za tizidutswa ta nsalu, mbali yamoyo ya nkhope ya Amayi inayamba kugwedezeka. Pa za dzanja lalitali ndi lalifupi anaseka mpaka kutsokomola. "Za sizasi unanena? Eya! Wakuba uja, anandidulira nsalu yanga ya ukwati." Misozi inkatsikira m'khutu mwawo, ndipo ndinawapukuta ndi chitenje.

Kenaka anati, "Nanga ine?"

"A Kumpopi anatha, Amayi. Ndafufuza konse."

"Iweyo wachita bwino. Pakamwa uli napo."

"Mwana sachita za mayi ake. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Pamaliro sungathe." Anapuma kangapo. "Koma sindinafe. Tseka chitseko. Nditukwane pano, ndikumva."

Ndinatseka chitseko. Ndinatenga chitenje chawo chonunkha mafuta a zitumbuwa n'kuchimanga m'chiuno. Zonena ndinali nazo zodzaza dengu: zitumbuwa zolimba, mafuta okazingira mwezi wathunthu, kuyetsemula kwawo koopsa ana, ndi msonkhano uja pamene anaimirira kutsogolo kwa bwana. Ndinaika manja m'chiuno monga ankaimira iwo. Anandiyang'ana akudikira, pakamwa patayamba kale kumwetulira. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka ndi chakuti, "Amayi." Ndinayesanso, chinatuluka chomwecho. Ndinagwada n'kubisa nkhope pamimba pawo.

"Chitsiru," anatero, akundisisita m'mutu. "Wayenda dziko lonse kuti udzandilirire ngati mbuzi."

Anamwalira sabata yomweyo. Amayi a mpingo anawasambitsa bwino, anaimba bwino, ndipo bokosi linatuluka pakhomo popanda chovuta. Ine ndinakhala kumutu kwa bokosi pamodzi ndi Felesiya, monga amakhalira ana. Mayi wa khomo lotsatira, yemwe uja wa ndiwo, anaimirira kuyankhula m'malo mwa oyandikana nawo. Anati a Nangondo anali mayi wofatsa, wodekha, ndipo zaka zonse zimene anakhala nawo sanawamvepo akukweza mawu kwa munthu. Atatha anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati wanama.

Ndinati sananame.